Kusankha pub ku England: komwe real ale umakoma ndi komwe mungangotayako ndalama

Alamu anga atabwera kudzationa kuno ku England, tsiku lachiwiri lomwe anandipempha kuti ndiwatengere ku pub yeniyeni, nyumba yomweramo mowa ya Angelezi, ija ya mitanda yakuda kudenga ndi moto woyaka pakona. Tinapita. Anawathirira mowa wofiirira, iwo n'kumwako kamodzi, n'kundiyang'ana cham'mbali. "Alamu, firiji yawo yafa kodi? Mowawu ngofunda, gasi mulibenso." Firiji sinafe ayi. Umenewo ndiwo mowa umene Angelezi amautcha real ale, ena amati cask ale, ndipo amaumwa chonchobe dala.

Mowa wa m'botolo umene ambirife tinazolowera, monga Carlsberg Green, amausefa, kuutenthetsa kuti usawirenso, n'kuupopera gasi. Ukatuluka kufakitale nkhani yake yatha, chotsala n'kuuziziritsa basi. Real ale amauthira mumgolo yisiti ikadali yamoyo, ndipo umakamalizira kuwira m'chipinda chapansi cha pub momwemo. Amene munakulira pafupi ndi mbiya ya masese, kapena munaonapo paketi ya Chibuku itafufuma, simufunika kukufotokozerani zambiri. Mowa wamoyo uli ndi tsiku lake. Lero sunapse, mawa wapsa, pakapita masiku wasasa.

Mgolo wofala kwambiri umatchedwa firkin, umalowa magaloni 9, omwe ndi ma pint 72, ndipo pint imodzi ndi mamililita 568. Akangoyamba kuthira, mpweya umalowa mumgolomo, ndipo mowawo umafunika uthe m'masiku atatu kapena kuposerapo pang'ono. Chipinda chapansi chimasungidwa pa madigiri 11 mpaka 13, ndiye chifukwa chake alamu anati ngofunda. Wogulitsa amaukoka ndi pampu yamanja, chogwirira chachitali chija chimene mumaona pakauntala, popanda gasi wokankha. Mowa wamtunduwu unatsala pang'ono kutheratu pamene makampani akuluakulu anayamba kukonda mowa wosefa wa m'migolo ya gasi. Mu 1971 anthu anayi anayambitsa bungwe la CAMRA kuti auteteze, ndipo mpaka lero bungweli limatulutsa buku la Good Beer Guide chaka chilichonse, momwe mamembala a dera lililonse amalembamo pub zimene zimasunga bwino mowa.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Ndayerekeza mitundu isanu ya pub pa zinthu zinayi: mtengo wa pint, kupezeka kwake (kukafika bwanji, atsegula nthawi yanji), kasamalidwe ka mowa, ndi zoti muchenjere nazo. Mwa zinayizi, chachitatu ndicho chimalemera kuposa zinzake. Nyumba ikhoza kukhala ya zaka 400, koma ngati mgolo watha sabata ukungodontha pang'onopang'ono, mudzamwa viniga m'nyumba yokongola.

Ndinaphunzira zimenezi ndi ndalama zanga. Lachiwiri lina masana ndinalowa mu pub ina ya m'mbali mwa mtsinje, yokongola ngati chithunzi cha pakalendala. Pakauntala panali mapampu khumi, m'nyumbamo makasitomala atatu. Ndinaona ngati ndapeza mwayi. Pint imene anandipatsa inkanunkha ngati madzi otsukira mbiya, ndipo ndinaimwa yonse chifukwa cha manyazi, poganiza kuti mwina ndi momwe umakomera. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo ndikalowa pakhomo ndimawerenga zinthu ziwiri, mapampu ndi anthu amene akumwa mowa wa m'mapampuwo. Mapampu atatu ndi anthu makumi awiri ndi chizindikiro chabwino kuposa mapampu khumi ndi anthu atatu.

Mwambo wa mu pub ndi umodzi kulikonse. Simukhala patebulo kudikira woperekera, mudzadikira mpaka kuche. Mumapita pakauntala, kuitanitsa, n'kulipira pompo. Mzere suoneka koma ulipo, ndipo wogulitsa amadziwa amene anafika poyamba, choncho musagwedeze ndalama m'mwamba kapena kuimba likhweru. Mukakhala gulu mumagulirana mosinthana, wina akagula ulendo uno, wotsatira ndinu. Mukhoza kupempha kulawa pang'ono musanagule, sakana. Safunsa anadya phula. Ndipo mowa ukakhala wosasa mumaubweza mwaulemu, amakusinthirani.

1. Pub zakale zotchuka za m'mizinda ikuluikulu

Izi ndi zimene alendo ambiri amakhala akuzilota. Ku London kuli Ye Olde Cheshire Cheese, m'kanjira kopapatiza kotulukira mu Fleet Street, imene inamangidwanso mu 1667 moto waukulu wa 1666 utapsereza mzindawo. Mkati muli mdima, tizipinda tambirimbiri ndi masitepe otsikira pansi. Ku Southwark kuli George Inn ya makhonde am'mwamba, yotsala mwa nyumba zimene apaulendo wa ngolo za akavalo ankagonamo, ndipo mwini wake pano ndi National Trust, bungwe losamala nyumba ndi malo akale. Ku Nottingham kuli Ye Olde Trip to Jerusalem, imene zipinda zake zina anazigoba m'thanthwe pansi pa nyumba yachifumu, ndipo pakhoma pake analembapo chaka cha 1189, ngakhale nyumba imene mukuionayo ndi yam'mbuyo kwambiri. Ku Liverpool anthu amapita ku Philharmonic Dining Rooms kukaona, mwa zina, chimbudzi cha amuna cha miyala ya mabo.

Mtengo. Pakati pa London konzani mapaundi 6 kapena 7 pa pint, malo ena kuposa apo. Ku Nottingham ndi ku Liverpool n'kotsikirapo. Gawo lina la ndalamazo mukulipirira makoma.

Kupezeka. Apa palibe vuto. Sitima yapansi kapena basi imakutulani pafupi, ndipo zambiri zimatsegula kuyambira masana mpaka cha m'ma 11 usiku. Kumbukirani kuti pub zingapo za m'dera la City ku London, kumene kuli maofesi a mabanki, zimatseka kumapeto kwa sabata chifukwa makasitomala awo ndi apantchito.

Kasamalidwe. Anthu amachuluka, koma kuchuluka kwa anthu sikutanthauza kuti mgolo ukutha. Alendo ambiri amaitanitsa lager (mowa wozizira wa gasi ngati Carlsberg), Guinness kapena vinyo, pampu ya real ale n'kumangokhala. Ndiye yang'anani matambula a anthu. Mukaona amuna ndi amayi ovala zakuntchito atanyamula mowa wofiirira, itanitsani womwewo. Zina mwa pub zimenezi zimasunga mowa bwino kwambiri, zina zimadalira mbiri yokha.

Zoti muchenjere nazo. Kuyambira 5 koloko madzulo Lachinayi ndi Lachisanu mudzamwa chiimire, chigongono cha munthu chili m'nthiti mwanu. Foni ndi chikwama musaike patebulo n'kutembenuka. Masitepe ake ndi otsetsereka ndipo denga n'lotsika, choncho wachikulire kapena woyenda pa njinga ya olumala adzavutika. Nthawi yabwino ndi pakati pa 2 ndi 4 koloko masana mkati mwa sabata, pomwe mungakhale pansi n'kuyang'ana nyumbayo bwinobwino.

2. Pub ya kampani yofulula mowa, kwawo kwa mowawo

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi kumene mtima wanga uli. Pub zambiri ku England n'zomangika kwa kampani inayake, kutanthauza kuti woyendetsa pub amagulitsa mowa wa kampaniyo. Zimenezi zikhoza kumveka ngati chilema, koma kampaniyo ikakhala yaing'ono, ya banja, ndipo pub ili m'tauni momwe mowawo amafululira, zinthu zimasintha. Mgolo wayenda mtunda waufupi, woyendetsa pub wausunga mowa womwewo zaka zambiri, ndipo anthu a m'deralo akuumwa usiku uliwonse.

Ku Brierley Hill, m'dera la Black Country kumadzulo kwa Birmingham, kuli pub yotchedwa The Vine, eni dera amati Bull and Bladder, yomwe ili khoma limodzi ndi fakitale ya Bathams. Mowa ulipo wamitundu iwiri basi nthawi zambiri, bitter wowawirako ndi mild wosawawa kwambiri. Munthu akafika amangoti "pint", wogulitsa amadziwa kale. Pambali pali mabanzi oikamo tchizi ndi anyezi wamuwisi, amene iwo amati cob, ndi tizikopa ta nkhumba tokazinga. Kufupi komweko, ku Sedgley, Beacon Hotel imafulula yokha mowa wakuda wotchedwa Sarah Hughes Dark Ruby kuseri kwa nyumba. Ku Lewes, m'chigawo cha Sussex, kuli fakitale ya Harvey's. Anthu a kumeneko amaukonda mowawo moti pamene kampani ina ya mowa, Greene King, inauchotsa mu pub yake ya Lewes Arms kumapeto kwa 2006, ananyanyala kulowamo mpaka unabwezeretsedwa mu 2007. Ku Keighley ku Yorkshire kuli Timothy Taylor's ndi mowa wawo wotchuka Landlord, ku Southwold kuli Adnams, ku Faversham kuli Shepherd Neame, ku Hook Norton kuli fakitale yansanja ya m'nthawi ya Mfumukazi Victoria imene ikufululabe. Ngakhale ku London, pub za Fuller's za kumadzulo kwa mzindawo, kufupi ndi Chiswick kumene mowa wawo umafululidwa, zimathira London Pride wabwino, ngakhale kuti fakitaleyo anaigulitsa ku kampani ya ku Japan ya Asahi mu 2019.

Mtengo. Kupatula ku London ndi kum'mwera, pint imakhala pafupifupi mapaundi 4 kapena 5. Ku Sussex ndi ku Suffolk imakwererako.

Kupezeka. Muyenera kuyenda. Lewes ndi Faversham n'zapafupifupi ola limodzi pa sitima kuchokera ku London, Keighley ili kufupi ndi Leeds ndi Bradford, Brierley Hill mumakafika pa basi. Southwold ndi Hook Norton zilibe siteshoni ya sitima.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene mwayi wopeza pint yabwino uli waukulu. Ntchito ya m'chipinda chapansi ndi yamanja ndipo imafuna kuleza mtima. Mgolo ukafika amaugoneka pachoikapo kuti nsenga zikhazikike, amaboola pamwamba n'kulowetsamo kamtengo kotulutsira mpweya, amakhoma mpope kutsogolo, kenako amadikira. Mowa wina umapsa m'tsiku limodzi kapena awiri, wina ngati Landlord umafuna masiku ochulukirapo, ndipo wothamangira amathira usanafike. Mapaipi amafunika kutsuka sabata iliyonse. Munthu amene akusamala mowa wamitundu iwiri kapena itatu yokha amaudziwa ngati mayi adziwira mbiya yake. Mudzaonanso kusiyana kwa thovu. Ku Yorkshire amamangirira kachipangizo ka timabowo kukamwa kwa pampu, mowa n'kutuluka ndi thovu lochindikala ngati phala. Kum'mwera sachita zimenezo, thovu limakhala lochepa. Mbali zonse ziwiri zimati anzawowo ndiwo akuononga mowa, ndipo mkanganowo musaulowerere.

Zoti muchenjere nazo. Kusankha n'kochepa. Ngati bitter wa kampaniyo sakukomerani, mulibe kothawira kwenikweni. Pub za Samuel Smith's, kampani ya ku Tadcaster, zili ndi malamulo akeake: zimagulitsa zakumwa za kampaniyo zokha, mulibe nyimbo kapena TV, kutukwana n'koletsedwa, ndipo kugwiritsa ntchito foni m'kati sakulola. Ena amakonda bata limenelo, ena amadabwa akauzidwa kuti akayankhire foni panja. Real ale wawo ndi umodzi, Old Brewery Bitter wa m'migolo yamatabwa, ndipo si pub zawo zonse zimene zimakhala nawo. Chinanso, musapusitsidwe ndi kutsekemera. Dark Ruby ndi wa maperesenti 6, pomwe bitter wamba amakhala pafupifupi 4.

3. Pub ya kumudzi

Iyi ndiyo ya pakalendala ija: denga la udzu kapena la miyala, moto wa nkhuni, galu atagona pansi pa tebulo, nsapato zamatope pakhomo. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Square and Compass ku Worth Matravers, kufupi ndi Swanage ku Dorset. Mulibe kauntala. Mumaima pakazenera kakang'ono m'kanjira, amakuthirirani mowa kuchokera mumgolo mwachindunji, popanda pampu, ndipo chakudya chake kwenikweni ndi pasty, mtanda wophika wokutira nyama ndi mbatata. Banja limodzi lakhala likuiyendetsa kuyambira 1907. Kumpoto kuli Tan Hill Inn ku Yorkshire Dales, pub yokwera kuposa zonse ku Britain, pa mamita 528, kumene mu Novembala 2021 alendo anatsekeredwa ndi chipale chofewa mausiku atatu.

Mtengo. Pint yokha si yodula kuposa ya m'tauni ya m'dera lomwelo. Chodula n'kukafika ndi kubwerako, makamaka mukafuna takisi usiku kapena chipinda chogona.

Kupezeka. Apa ndiye pali minga. Mabasi a kumidzi amasiya msanga, ndipo m'madera ambiri Lamulungu kulibe n'komwe. Pub zambiri zimatseka Lolemba, zina ndi Lachiwiri lomwe, zina zimatseka masana kuyambira 3 koloko n'kudzatsegulanso madzulo. Imbani foni musananyamuke. Komanso pub za kumidzi zakhala zikutsekedwa zambiri, moti m'midzi ina anthu anachita kusonkherana ndalama n'kugula pub yawo kuti isasanduke nyumba yogona.

Kasamalidwe. Kamasintha ndi nyengo. Loweruka la m'chilimwe, oyenda m'mapiri atadzaza panja, mgolo umatha tsiku lomwelo ndipo mowa umakhala pachimake. Lachitatu la mu Januwale nkhani ndi ina. Woyendetsa pub wanzeru amachepetsa mapampu m'nyengo yozizira, choncho mukaona pampu imodzi kapena ziwiri zokha zikugwira ntchito, musakhumudwe, munthuyo akudziwa chochita. Mowa wothira kuchokera mumgolo mwachindunji umakhala wopanda thovu lambiri, si kuti waonongeka.

Zoti muchenjere nazo. Choyamba ndi galimoto. Malire a lamulo ku England ndi mamiligalamu 80 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo mukagwidwa mumalandidwa laisensi kwa chaka chimodzi kapena kuposa, n'kukhala ndi mbiri ya mlandu. Kwa ife okhala kuno pa viza, mbiri yoteroyo imakutsatirani pokapempha mapepala. Musawerengere ma pint kuti mukhale pansi pa malire, pezani woyendetsa wosamwa. Chachiwiri, pub zambiri za kumidzi zinasanduka malo odyera. Kunja n'zakale, m'kati matebulo onse ali ndi mipeni ndi mafoloko, ndipo womwa mowa chabe alibe pokhala. Chachitatu ndinene mosabisa. Munthu wakuda ukalowa mu pub ya m'mudzi waung'ono, mitu imatembenuka ndipo macheza amaima kamphindi. Kwa ine nthawi zambiri zatha ndi funso lakuti ndachokera kuti, kenako nkhani ya mpira kapena ya nyengo. Koma kamphindiko kamakhalapo, ndipo pali masiku amene munthu sufuna kukasenza. Kupita awiri kapena atatu, masana, kumapeputsa.

4. Micropub

Izi si zakale, koma ndaziika chifukwa zinatenga khalidwe la pub yakale n'kuliika m'kasitolo. Yoyamba inali Butcher's Arms ku Herne, m'chigawo cha Kent, imene Martyn Hillier anatsegula mu 2005 m'nyumba yomwe kale inali butchala. Lamulo la ziphaso zogulitsira mowa la 2003, limene linayamba kugwira ntchito mu 2005, linapeputsa njira yosandutsira sitolo kukhala pub, ndipo lero zilipo mazana. Chipinda chimodzi, mabenchi oyang'anizana, mulibe TV, mulibe makina a juga, kawirikawiri mulibenso nyimbo.

Mtengo. Wapakati, wofanana ndi pub wamba ya m'tauniyo, nthawi zina wotsikirapo chifukwa alibe khitchini kapena antchito ambiri. Amagulitsanso theka la pint, ena ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu, zomwe zimathandiza wofuna kulawa mitundu ingapo.

Kupezeka. Ku Kent zilipo zambiri, makamaka cha ku Margate, Broadstairs ndi Ramsgate, ndipo matauni ambiri a ku Midlands ndi kumpoto ali nayo imodzi. Maola ake ndi ochepa. Ambiri satsegula kumayambiriro kwa sabata, ndipo ena amatseka 9 koloko usiku.

Kasamalidwe. Mwini wake ndi yemweyo wothira, ndipo nthawi zambiri anatsegula malowo chifukwa chokonda mowa. Migolo imakhala m'kachipinda kozizira koonekera pagalasi, mitundu itatu kapena inayi yolembedwa pabolodi ndi choko, ndipo ukatha umodzi amaika wina wosiyana. Sindinamwepo mowa wosasa mu micropub. Amene sadya nyama kapena nsomba afunse pano: real ale wambiri amauyeretsa ndi isinglass, chinthu chochokera m'thupi la nsomba, koma ma micropub ambiri amakhala ndi mowa wosayeretsa, wooneka ngati wa chifunga mwadala.

Zoti muchenjere nazo. Simungabisale. Mudzakhala bondo ndi bondo ndi munthu wosamudziwa, ndipo adzakulankhulani. Chimbudzi chimakhala chimodzi. Chakudya ndi mtedza ndi tchipisi ta m'paketi. Mowa umene munaukonda sabata yatha simudzaupezanso. Ndipo ngati mumafuna mitanda yakuda ndi moto, muli m'sitolo yakale ya nsapato.

5. Wetherspoon

Okonda pub zakale ena akwiya kuona dzinali pano, koma wosankha ndi thumba lake ayenera kulidziwa. Wetherspoon ndi kampani yokhala ndi pub zambirimbiri. Tim Martin anatsegula yoyamba kumpoto kwa London mu 1979, ndipo pano zilipo pafupifupi 800. Zambiri zili m'nyumba zakale zimene sizinali pub: mabanki, mapositi ofesi, nyumba zoonetsera kanema. Ya ku Tunbridge Wells ili m'nyumba ya zisudzo, ya pa siteshoni ya Liverpool Street ili m'holo yovinira ya hotela yakale.

Mtengo. Palibe wopikisana nawo. Kunja kwa London real ale umapezeka pa mapaundi 2 kapena 3, ndipo mamembala a CAMRA amalandira timapepala tochotsera 50p (theka la paundi) pa pint.

Kupezeka. Pafupifupi tauni iliyonse, kuyambira m'mawa mpaka usiku, sabata yonse. Mukhoza kuitanitsa pa foni muli patebulo.

Kasamalidwe. Kamasiyana nthambi ndi nthambi. Zina zili mu Good Beer Guide ndipo mowa umayenda mofulumira chifukwa cha mtengo, zina zili ndi mapampu ambiri kuposa omwa. Lamulo lowerenga mapampu ndi anthu ligwiritseni ntchito. Chikwangwani cha Cask Marque pakhomo, pano kapena pa pub ina iliyonse, chimasonyeza kuti oyendera anabwera kudzayesa kuzizira ndi kakomedwe ka mowa, koma sichikuuzani za mgolo wa lero.

Zoti muchenjere nazo. Ndi holo yaikulu, si pub ya m'mudzi, ndipo palibe amene adzakumbukire nkhope yanu. Lachisanu ndi Loweruka usiku pakati pa tauni pamakhala phokoso ndi oledzera. Kutchipako kumakopa munthu kuwonjezera, matsire ake n'chimodzimodzi ndi a mowa wodula.

Ndiye mupite kuti?

Ngati muli ku London masiku awiri okha ndipo mukufuna kuona nyumba, pitani ku pub yakale yotchuka masana mkati mwa sabata, imwani theka la pint, jambulani zithunzi kumene amalola. Pint yeniyeni mukaimwere madzulo mu pub ya Fuller's kapena ina imene ili mu Good Beer Guide, kutali pang'ono ndi misewu ya alendo.

Ngati funso lanu ndi lakuti kodi mowawu anthu amaukonderanji, kwerani sitima kupita kwawo kwa mowawo. Wokhala ku Birmingham, Wolverhampton kapena Coventry ali ndi Black Country pakhomo. Wa ku Leeds kapena Bradford apite ku Keighley. Wa ku London kapena Brighton apite ku Lewes. Yambani ndi bitter wa maperesenti 4 kapena mild, osati zamphamvu.

Pub ya kumudzi isungireni tsiku la chilimwe limene muli ndi banja kapena anzanu, wina wosamwa atagwira chiwongolero, ndipo mwaimba foni kusungitsa tebulo la chakudya cha Lamulungu masana. Ana amaloledwa m'pub zambiri zoterezi masana ali ndi akuluakulu, koma wogula mowa ayenera kukhala wa zaka 18.

Wobwera kumene m'tauni, amene sadziwa munthu ndipo madzulo amamutalikira, ayese micropub. Wophunzira kapena aliyense amene mwezi wamuthera pakati, koma akufuna kulawa mitundu ingapo osalira, alowe mu Wetherspoon masana. Ndipo wosamwa mowa amene akungoperekeza anzake asaope, pub iliyonse ili ndi ginger beer, madzi a soda othira laimu, ndi mowa wopanda ukali, ndipo wothandiza kwambiri kwa iye ndi malo a chakudya, kutanthauza ya kumudzi kapena Wetherspoon, osati micropub.

Alamu aja ndinawatengera ku Black Country sabata yawo yomaliza. Bitter anaukana, koma mild wakuda anamwa ma pint awiri ndi cob ya tchizi ndi anyezi, akuti ukuwakumbutsa fungo la chimera chokazinga. Pobwerera pa basi ankadandaulabe za firiji.